Dzanja la Zala Zitatu

Desmond Trewartha anagulitsa makhobidi abodza m'dzina la malemu amuna anga kwa miyezi isanu ndi itatu, eni dzinalo ali m'manda. Ndalemba dzina lake lonse dala, kuti pasapezeke wonena kuti mwina ndi Desmond wina. Ndi yemwe uja wa ku Solomontown, wamtali, mlembi wa kalabu ya osonkhanitsa makhobidi akale kuno ku Port Pirie, amene ananyamula bokosi kumutu pa maliro n'kumalira kuposa ine mwini maliro.

Ndinazitulukira Lachiwiri lomaliza la Julaye. Ndinali pamakwerero ndikudulira mpesa wapakhonde, ntchito imene amuna anga, a Corrado, ankagwira okha chaka chilichonse nyengo yozizira. Pageti panaima pikiapu yafumbi, galu ali kumbuyo. Munatsika bambo wina wachikulire, wofiira khosi, chipewa chachikulu kumutu, envelopu m'manja.

"Zikomo kuno! A Corrado Gadaleta alipo?"

"Mwachedwa," ndinatero ndili pamwamba pomwepo.

"Abwera nthawi yanji?"

"Sabweranso. Mukawapeza kumanda, mzere wachitatu kuchokera pageti. Anapita mu Novembala."

Bamboyo anavula chipewa, kenako anachivalanso mwamsanga ngati wakumbukira kuti wabwera atakwiya.

"Mayi, musandiseweretse. Ine ndine Merv Pfitzner, ndimalima tirigu ku Jamestown. Masabata atatu apitawa amuna anuwo anandigulitsa khobidi pa okushoni ya pa intaneti. Madola 1,400. Khobidilo ndi labodza."

Ndinatsika ndi chodulira m'manja. Ndikhulupirira kuti nkhope yanga sinali bwino, chifukwa a Merv anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda geti.

A Corrado anapha nsomba m'nyanja muno zaka makumi anayi. Chingwe chokokera ukonde chinawadula zala ziwiri kudzanja lamanzere ali mnyamata. Atasiya boti anayamba za makhobidi akale, kugula ndi kugulitsa pa kompyuta. Ine ndinkawaseka. "Munthu wamkulu kugulitsa ndalama kuti apeze ndalama!" Koma anali ndi kachitidwe kawo kamene sanakasinthe ngakhale tsiku limodzi. Khobidi lililonse ankaliika pachikhatho cha dzanja lodukalo n'kulijambula panja, pakhonde, dzuwa la m'mawa, osayatsa getsi, chifukwa ankati getsi limapaka khobidi mafuta. Zithunzi zitatu: kumaso, kumbuyo, m'mbali. Pakakhala pokalika, ankalozapo ndi kamtengo ka machesi kuti wogula aone yekha asanatchule mtengo. Tsamba lawo pa okushonipo linali ndi dzina lakuti Zalazitatu. Anthu a ku Perth, a ku Hobart, ngakhale a ku Darwin, nkhope yawo sankaidziwa. Ankadziwa dzanja.

A Merv anatulutsa foni, n'kupukusapukusa ndi chala, n'kundionetsa.

Linali dzanja la a Corrado. Chipsera chija chokhota ngati mbedza, chikhadabo chakuda cha chala chachikulu, mizere yonse imene ndinaigwira zaka makumi asanu ndi chimodzi. Pachikhathopo panali hafupeni ya chaka cha 1923. Pansi pake panalembedwa tsiku limene chithunzicho chinaikidwa: pa 2 Julaye, chaka chomwe chino.

Ndinakhala pansi pasitepe.

"Khobidi ili mwaonali," ndinatero, "lili m'thumba la jekete ya amuna anga. Ndinaikamo ndekha asanatseke bokosi. Sanafune kuligulitsa moyo wawo wonse, analipeza m'chitini cha mabatani cha amayi awo. Ankangolijambula pophunzitsa anzawo kusiyanitsa lenileni ndi losema."

"Ndiye ili ndalandira ineli?" A Merv anakhuthula envelopu pachikhatho. "Ndapita nalo ku Adelaide kwa katswiri. Wangoliyang'ana kamodzi ndi kagalasi n'kuseka. Akuti ndi la 1928, la madola awiri. Munthu wina anapala eyitiyo mbali imodzi kuti aoneke ngati firii."

"Nanga inu maso munalibe?"

Apa anakwiya iwo. "Mayi, ine zimenezi ndazichita zaka makumi atatu, sindine mwana. Ndinachita zonse zoyenera. Chithunzi ndinachikulitsa mpaka kuwerenga mikanda ya pachisoti cha mfumu ya pakhobidipo. Sichinali chachimbuuzi ayi, ndipo anaonetsa mbali zonse zitatu. Ndinafufuza ngati chithunzicho chinabedwa patsamba la munthu wina, ayi. Ndinawerenga ndemanga za ogula: 1,312 m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, popanda ngakhale imodzi yodandaula. Ndinagulapo kwa amuna anu kanayi konse, n'chifukwa chake ndikudziwa nyumba ino, adiresi inali pa maenvelopu akale. Munthu achitenso chiyani?"

Ndinawalanda foniyo. Sindinayang'ane khobidi. Ndinayang'ana kuseri kwa dzanja.

"Mwati ndinu mlimi?"

"Kuyambira ndili mwana."

"Ichi chobiriwira kumbuyoku n'chiyani?"

Anasuzumira. "Masamba a mpesa."

"Tatukulani mutu."

Anatukula. Pamwamba pathu panali nthambi zokhazokha, zouma gwa, popanda tsamba ngakhale limodzi.

"Mpesa wa ndani umakhala ndi masamba mu Julaye? Mlimi wa mtundu wanji inu? Mukuwerenga mikanda ya mfumu ya ku Mangalande, nyengo ya kwanu osaiona!"

A Merv anakhala pansi pasitepe pomwepo pambali panga, chipewa pabondo. Galu wawo anatiyang'ana tonse awiri ngati zitsiru.

Sindinavutike kuganiza kuti ndani. Patatha sabata chiikire maliro, Desmond anabwera kunyumba ndi keke ya nthochi yophika mkazi wake. "Alamu, musavutike ndi za kompyuta. Tsamba la achimwene lija tilitseke mwaulemu, ogula tiwadziwitse." Ndinamupatsa kompyuta yonse, mmene munali zithunzi zikwizikwi, pamodzi ndi kabuku kofiira kamene a Corrado ankalembamo mawu achinsinsi olowera patsambalo. Ndinamuthokoza. Ndinamupatsanso botolo la maolivi. Botolo limenelo limandiwawa mpaka lero.

Kalabu imakumana Lamlungu loyamba la mwezi, 2 koloko masana, m'kaholo ka kuseri kwa tchalitchi. A Merv anabweranso kuchokera ku Jamestown, atavala malaya oyera ngati akupita kukhoti. Tinalowa tiyi ali mkati. Madoda asanu ndi anayi, aliyense kagalasi kolendewera m'khosi, makhobidi atayalidwa pansalu yobiriwira. Onsewo anali pa maliro. Onsewo anadya pasta wanga pambuyo pake.

Desmond anaimirira manja ali tambalale. "Alamu! Mwatikumbuka lero? Anyamata, mpando wa alamu!"

"Khala pansi, Desmond. Ulamu unathera kumanda."

Ndinaika foni ya a Merv pansalu yobiriwirayo, pakati pa makhobidi awo. "Inu akatswiri. Inu a magalasi. Tandiuzeni, dzanja ili n'la ndani?"

Wapampando, a Lyle Obst, anayamba kupukuta magalasi awo ndi tayi.

"Simukulidziwa? Linakupatsani moni zaka zingati? Iwe Desmond, sunalipinde wekha pachifuwa m'bokosi muja, uku ukufwenthera? Ndiye latuluka bwanji kudzagulitsa khobidi pa 2 Julaye?"

"Alamu, nkhani iyi tikambirane kunyumba."

"Kunyumba unabwera kale ndi keke."

"Aise," anatero a Merv, akuika khobidi losemalo patebulo, "ili unatumiza ndiwe?"

Desmond analitenga, n'kuika kagalasi padiso, n'kumalitembenuza ngati akuliona koyamba. "Koma abale, anthu ndi oipa. Ine ndinagula atatu kwa munthu wina ku Gawler. Ndikanadziwa bwanji? Nanenso andipusitsa."

"Atatu!" ndinakuwa. "Khobidi limodzi lili m'manda, iwe waligulitsa katatu?"

"Chithunzicho ndinangobwereka. Zanga zimatuluka zachimbuuzi, manja anga amanjenjemera. Koma ndi khobidi la mtundu womwewo..."

"Ngati sunadziwe kuti ndi abodza, bwanji sunawajambule okha, ngakhale mwachimbuuzi momwemo? Bwanji sunawagulitse m'dzina lako? Dzina ulibe?"

Pamenepo ndi pamene a Wally Kretschmer anatsegula pakamwa. A Wally anagontha makutu kufakitale ya mtovu, ndipo akamati akunong'ona amamveka mpaka kumsewu. Anaweramira kwa Desmond, dzanja pakamwa.

"NDINAKUUZA, DES! ZA MAHAFUPENI ZIJA USIYE, UZINGOGULITSA ZATHU ZOKHA!"

Supuni ya munthu wina inagwa pansi.

Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Palibe amene anandiyang'ana. Mitu yonse isanu ndi inayi ili zyoli, ngati ana ogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Zanu zokha," ndinatero. "Lyle. Zanu ziti?"

A Lyle anatsokomola. "Nunzia, tamvetsetsani. Athufe anali makhobidi enieni, palibe labodza. Kungoti dzina la Corrado limakweza mtengo. Sheleni yomweyo m'dzina langa ipita madola makumi anayi, m'dzina lake makumi asanu ndi limodzi. Dzinalo linangokhala, silikugwira ntchito. Tinkapatsa Des, iye n'kusankha chithunzi chakale cha khobidi la chaka chomwecho. Palibe amene anadandaula."

"Ndiye wogula amaona khobidi lina, n'kulandira lina."

"Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri..."

"Amuna anga ankaloza pokalika ndi machesi! Pokalika pochepa ngati tsitsi! Munkawaseka kuti akudzigwetsera mtengo. Lero mukudya dzina limene linamangidwa ndi machesi omwewo, n'kumati linangokhala? Ndi njinga kodi, yoti mwaipeza itatsamira khoma?"

"Corrado sakanakana," anatero wina kumapeto kwa tebulo.

"Munawafunsa? Mzere wachitatu kuchokera pageti. Pitani mukafunse."

A Lyle anaimirira, n'kubwera pafupi, mawu atatsitsa ngati wansembe. "Tamverani, Nunzia. Des abweza ndalama za bambo awa lero lomwe. Tsambalo tilisiya, sitiligwiranso. Nkhani ithere m'chipinda muno. Chifukwa mukakanena kwa eni okushoni, iwo sadzafunsa kuti wolakwa ndani. Adzangofafaniza tsamba lonse. Ndemanga zonse zija, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, zidzapita tsiku limodzi. Patsala chiyani cha Corrado pa dziko lino kuposa mawu amenewo? Mufuna mufafanize nokha dzina la amuna anu?"

Ndisaname, apa anandigwira. Ndinakhala pampando umene ndinaukana uja. Ndemangazo ndinali ndisanaziwerengepo n'kamodzi komwe. Ine kuwerenga ndimachedwa, ndipo a Corrado ali moyo ndinkati n'zamasewera.

"A Merv," ndinatero, "tandiwerengereni."

Anayambira pansi, pa zakale. Mawu awo a mlimi, olemera, osathamanga.

"'Khobidi lafika monga lilili pachithunzi, ngakhale kadontho.' 'Bambo awa anandibwezera madola khumi osapempha, akuti anaona pokalika atatumiza kale.' 'Ndinalakwitsa mtengo, anandiimbira foni kundiuza kuti ndalipira mopitirira.' 'Ndagulira bambo anga ali m'chipatala, anaikamo kakalata kowafunira bwino. Bambo analira.'"

Sindinadziwe. Zaka zonsezo munthu ali pakhonde langa ndi kamera, ine ndikumukalipira kuti akutchinga njira, sindinadziwe. Ndinaluma mlomo kuti madoda aja asaone msozi wanga, chifukwa sanali oyenera kuuona.

"Mwaona?" anatero a Lyle mofatsa. "Zimenezi n'zotaya?"

"Pitirizani, a Merv. Werengani zapamwamba. Zatsopano."

A Merv anakweza tsambalo ndi chala, n'kuima. "Iyi ndi ya mu Malichi. Mayi wina wa ku Launceston." Anazengereza.

"Werengani."

"'Zikomo a Corrado. Hafupeni ya 1923 imene ndaifuna moyo wanga wonse. Sindinapite nayo n'komwe kwa katswiri, dzanja lanu landikwanira. Mulungu akupatseni masiku ambiri.'"

Mu Malichi. Miyezi inayi udzu utamera kale pamanda. Mayi ameneyo, kulikonse ali, wasunga chinthu cha madola awiri m'kabokosi kabwino, n'kumapempherera masiku ambiri munthu wakufa. Ndipo a Lyle amafuna kuti nkhani ithere m'chipinda, mayiyo afe nalo bodzalo, adzasiyire adzukulu ake, adzukuluwo akadzapita nalo kwa katswiri adzatukwane ndani? Desmond? Desmond samudziwa. Adzatukwana dzanja la zala zitatu.

Ndinaimirira. "Desmond, kabuku kofiira."

"Alamu, kali kunyumba..."

"Kali m'thumba lako lamkati, ndikukaona. Bweretsa, kapena ndikatenge ndekha pamaso pa anzakowa."

Anakatulutsa. Ndinamulanda.

"Kompyuta ndiipeze pakhonde langa lero dzuwa lisanalowe. Keke usabweretse."

M'mawa mwake a Merv anabweranso kachitatu. Anati mafuta a galimoto si kanthu, manyazi a masamba aja ndi amene akuwasowetsa mtendere. Tinaima pakhonde pamalo pomwe a Corrado ankaima, pamene simenti inachita kusalala ndi nsapato zawo. Dzuwa la m'mawa, osayatsa getsi. Ndinatambasula dzanja langa lamanzere, chikhatho m'mwamba, lopanda kanthu.

"Nthambi zoumazo zioneke," ndinatero.

"Zikuoneka, mayi. Phunziro limenelo ndinalimva."

"Jambulani katatu. Kumaso, kumbuyo, m'mbali."

Anajambula. Kenako tinalowa patsamba la Zalazitatu ndi mawu a m'kabuku kofiira, n'kuika zithunzizo pamene pamakhala khobidi logulitsa. Ine ndinkanena, iwo ankalemba:

"Ili ndi dzanja la Nunzia, mkazi wa Corrado Gadaleta. Werengani zala, ndi zisanu. Corrado anamwalira pa 19 Novembala. Chilichonse chimene munagula pano kuchokera tsiku limenelo sanakugulitseni ndi iye, ndipo chithunzi chimene munaona si cha khobidi limene munalandira. Amene munagula hafupeni ya 1923 pitani nayo kwa katswiri, ndi yabodza. Yeniyeni ili naye m'manda. Pano sipagulitsidwanso kanthu."

A Merv anatumizanso mawu omwewo kwa aliyense amene anagula kuyambira Novembala, ndiponso kwa eni okushoni. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Kachiwiriko ndinawauza kuti akandifunsanso ndiwathira madzi a maolivi.

Lachinayi tsambalo linali litafafanizidwa. Ukalemba dzina lakuti Zalazitatu pamangobwera mawu akuti munthu wotere kulibe. Pa ndemanga 1,312 zija, ine ndinamvako zisanu zokha, m'kaholo kaja, pakati pa akuba. Zotsalazo sindidzazimvanso. Tinali otanganidwa ndi kukwiya, palibe amene anaganiza zozisindikiza papepala, ndipo mlandu umenewo ndi wanga, sindiukankhira munthu.

Desmond anabweza ndalama za a Merv ndi za mayi a ku Launceston aja. Wachitatu sanayankhe mpaka lero, kaya ali moyo kaya. Kalabu ikukumanabe Lamlungu loyamba la mwezi, tiyi akumwabe, Desmond akadali mlembi. Ndikakumana naye kumsika wa nsomba amaoloka msewu. Koma mawu afika kwa ine, kudzera kwa akazi awo, kuti madoda aja akuti Nunzia anapupuluma. Akuti mkazi wosadziwa za makhobidi wawononga chikumbutso cha mwamuna wake chifukwa cha mkwiyo. Akuti ndikanangokhala chete dzina la Corrado likanakhalapobe, loyera, lopanda ndemanga yoipa ngakhale imodzi.

Mpesa uja wayamba kuphukira. Chaka chino ndinaudulira moipa, a Corrado akanandiseka.

Tsono inu mwawerenga mpaka panoni, sindikufuna chisoni chanu, ndili nacho chokwanira. Ndikufuna yankho. Madoda asanu ndi anayi, magalasi ali m'khosi, anaona dzanja la munthu amene anamuika okha m'manda likugulitsa malonda sabata ndi sabata, n'kumagawana phindu. Ine ndinaliona kamodzi, ndinalibweza kumanda. Anafafaniza dzina la Corrado ndani, iwo kapena ine? Musandiuze kuti nkhani ili ndi mbali ziwiri, amuna anga ankajambula zitatu ndipo zonse zinkanena chimodzi. Nyumba yanga ndi ya mpesa pakhonde, geti silikhomedwa. Bwerani mudzandiyankhe pamaso.